Njinga Zopanda Kaliyala

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinachita kafukufuku wanga woyamba. Ndi yekhayo amene ndinamaliza, chifukwa ku koleji ndinakhalako zaka ziwiri, kenako ine ndi sukuluyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere, popanda kuvutitsa ankhoswe.

Linali Loweruka, nyengo yachisanu, pamene miyendo ya ana a ku Mitundu imatuwa ngati yagona m'phulusa. Kwa Kadzuwa, mudzi woyandikana ndi wathu, kunagwa maliro, ndipo bambo anayenera kukatula thumba la ufa kusiwa. Njinga yawo yakuda, yolemera ngati ngolo, inali itaphwa tayala la kumbuyo.

"Kaipopetse pa Mitundu ubwere," anatero. "Dzuwa likamafika pamwamba pa mango awo ndikhale nditanyamuka."

Ndinapita, ndinapopetsa. Mpaka pamenepo mbiri yanga ilibe banga.

Ndisananyamuke, panatulukira anthu asanu ndi mmodzi a m'tauni, ali pa njinga zoonda ngati zangochira kumene. Anavala makabudula othina ndi zisoti zonga chigoba cha kamba. Zovalazo ndikanawakhululukira. Chimene chinandisowetsa mtendere n'chakuti panalibe njinga ngakhale imodzi yokhala ndi kaliyala. Kwathu njinga imanyamula makala a ku Dzalanyama, belo la fodya, mbuzi, wodwala. Munthu akamapalasa wopanda katundu ndiye kuti akukatenga katundu. Nanga awa katunduyo akamanga pati?

"Akupita kuti amenewa?" ndinafunsa wokonza njinga.

"Amangozungulira."

"Kuzungulira chiyani?"

"Ukawafunse. Ine ndili pa ntchito."

Ndinayang'ana dzuwa, ndinaona kuti likadali ndi ulendo kuti lifike pa mango. Ndinati ndiwatsatire mpaka pokhota paja basi.

Ananditaya nthawi yomweyo. Koma anthuwa anali ndi chofooka chimodzi: ankakonda kuima. Ndinawapeza pa damu lina m'munsi mwa phiri la Bunda, atatulutsa mafoni, akujambula madzi. Nkhungu inali isanathe pamwamba pa madziwo, akakowa ataima m'mbali mwa bango ngati akudikira minibasi. Ndinayang'anitsitsa kuti mwina muli mvuu. Munalibe. Anali madzi wamba, ofanana ndi amene mayi ankandituma tsiku ndi tsiku osawajambula.

Mtsogoleri wawo anali mayi wa imvi, wa chisoti chofiira. Anandiona ndili wefuwefu.

"Mwanawe, ukutilondola kapena njira yangofanana?"

"Yangofanana, mayi."

"Ukupita kuti?"

"Kumene mukupita inuko."

Anaseka, n'kundipatsa nthochi. Kenako analoza phiri lija ndi kuuza anzake kuti makolo ankakwera kumeneko kukapempha mvula. Ine phirilo ndinabadwa ndikuliona, koma ndinkalitenga ngati mwala waukulu wosowa pouika. Tsiku limenelo ndinaliyang'ana mpaka khosi linawawa.

Tinapitirira cha ku Nathenje, iwo patsogolo, ine ndi fumbi lawo m'mbuyo. Chishalo chinali cha msinkhu wa bambo, choncho ndinkapalasa ndi nsonga za zala, thako likutsetsereka uku ndi uku. Ndinawapezanso pa tchalitchi chakalekale cha njerwa zofiira, zipupa zake zokhuthala moti munthu akhoza kugona pawindo. M'kati munkanunkha mileme ndi sera. Panja panali chipilala cholembedwa mayina amene ndere zinali zitadya theka. Mayi aja anandiitana ndi dzanja.

"Agogo anga anaumba nawo njerwa izi," anatero. "Taona apa."

Pa njerwa ina, m'munsi pafupi ndi khomo, panali chidindo cha chala chachikulu cha munthu amene anaigwira isanaume. Ndinalowetsamo changa. Chinasowa, ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Ndinakhala pamenepo chogwada, ndikuganiza za munthu amene anamwalira kalekale koma chala chake chikadali pa ntchito.

Nditaimirira ndinapeza dzuwa litapitirira mango onse a m'Malawi muno. Apa ndinachita masamu: chikoti cha wochedwa ola limodzi n'chimodzimodzi ndi cha wochedwa maola anayi. Ndinapitiriza kafukufuku.

Titachoka pa Nathenje tinakhotera mu msewu wafumbi umene sindinkaudziwa. Ndinkaganiza kuti tikulowera ku Diamphwe, mwinanso kunja kwa dziko. Kumeneko zinthu zinasintha. Timatayala tawo tinkaopa mchenga, pomwe njinga ya bambo inali ngati yafika kumudzi kwawo. Mpata unayamba kuchepa. Mumtima mwanga munabadwa khumbo limodzi: kuwapitirira, kamodzi kokha, kuti ndikafa ndi chikoti ndife ndili katswiri.

Pa malo ena otsetsereka ndinawaona akuchepetsa liwiro. Mmodzimmodzi anatsika, n'kuyamba kuvula zisoti. Ndinati eya, atopa, nthochi zatha mphamvu. Ndinaweramitsa mutu, kuimirira pa mapedulo, n'kuyamba kuliza belu kuti aliyense adziwe amene akudutsa.

"Mwanawe, tsika!" anakuwa mayi aja.

Ndinati ndi nsanje.

Kenako matayala anaponda chinthu chofewa. Anali masamba aawisi, oyalidwa chopingasa msewu. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa tanthauzo lake asanadziwe kuwerenga: kutsogoloku kuli maliro, wa pa njinga atsike, wa chipewa avule, adutse mwakachetechete. Ndinagwira mabuleki, koma mabuleki a bambo ankafuna kuwadziwitsa kukadali nthawi. Ndinadutsa pakati pa amayi oimba nyimbo yachisoni ndi abambo okhala pansi pa mtengo, chala changa chikadali pa belu.

Chimene chinandiimitsa ndi dzanja limene linagwira kaliyala. Anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, dothi lofiira lili mpaka m'mawondo.

"Bwana ali pa changu," anauza anzake mofatsa. "Kodi mukuthamangira kumanda? Malo alipo, takumba kumene." Kenako nkhope inauma. "Njinga yatsala pano. Ndiwe mwana wa yani?"

Ndinakonza zonama, poti kunali kutali ndi kwathu. Ndikusankha dzina labwino, ndinaona mjigo wopentedwa buluu. Ndinaudziwa. Ndinaona mtengo wa kachere. Ndinaudziwanso. Wokonza njinga uja sananame, anthuwa amangozungulira. Msewu unali utanditengera kwa Kadzuwa, kulowera kumbuyo.

Pakati pa abambo panaimirira munthu wovala jekete yakuda, yoyera ufa paphewa ndi kumsana. Thumba lija analisenza wapansi.

"Njingayo ndi yanga," anatero bambo. "Za mwanayo ndifufuze kaye."

Apo n'kuti a m'tauni aja akufika, akukankha njinga zawo, zisoti m'manja, nsapato zawo zikulira ngati ziboda za mbuzi pa simenti. Mayi aja ananjuta, n'kupepesa anamfedwa monga achitira munthu woleredwa. Kenako anatembenukira kwa bambo.

"Pepani, bambo. Wapalasa nafe kuchokera pa Mitundu, kuzungulira ku Nathenje. Ndikanamubweza kalekale."

"Alendo adziwa mwambo," anatero mkulu wa adzukulu, "mwana wa konkuno akuliza belu."

Chigamulo sichinachedwe. Njinga iwomboledwe ndi nkhuku, ndipo kufikira mwambo utatha, njingayo itunge madzi a pamaliro, ine ndikuikankha wapansi. Bambo ananena kuti nkhuku zawo sizinalakwire munthu. Choncho anatuma uthenga kunyumba kuti agwire tambala wanga, amene ndinamulera kuyambira ali mwanapiye. Ndinakankha zigubu mpaka maliro ataikidwa, fungo la tambala wanga likundipeza pa mjigo. Anali wonona. Ndinamva adzukulu akuchitira umboni.

Madzulo tinabwerera kwathu, bambo akukankha njinga, ine m'mbuyo patali pamene dzanja silingafike.

"Ndiye anzako aja akanyamulako chiyani kumeneko?" bambo anafunsa osacheuka.

"Palibe, bambo."

"Ulendo wonsewo?"

Ndinawauza za damu, za phiri, za chala cha pa njerwa. Tinawoloka kamtsinje.

"Pa tchalitchi chimenecho ndadutsapo ndi fodya kuyambira usanabadwe," anatero. "Sindinatsikepo."

Chikoti chinabwera, ndisaname, ndipo masamu anga aja anali olakwika. Koma patapita milungu itatu, bambo atabwera kogulitsa mtedza ku Nathenje, anasamba m'manja, n'kunena akuyang'ana kumbali: "Chala chija n'chachikulu kuposa changa." Mayi anga mpaka lero sadziwa kuti tinkakamba za chala cha yani.

Pano ndine wokonza njinga pa Mitundu pomwepo, poti nanenso ndinazungulira mpaka ku koleji n'kubwerera kulowera kumbuyo. Anthu a zisoti aja amadutsabe Loweruka, ndipo ana akandifunsa kumene akupita ndimawayankha bwinobwino, kuopa kutha kwa atambala. Maphunziro anga onse ndi ochepa, koma ichi ndinachigwira: okutsogolera akaima mwadzidzidzi, usathamangire kunena kuti atopa. Yang'ana pansi kaye. Mwina aona masamba, mwina aona chala pa njerwa. Zonse ziwiri zimafuna munthu atsike.