Phazi la Alamu Anga pa Khonde

Esitele ndi mwana wa akulu anga a Luwiza, ndipo makani anatengera bambo ake, musandifunse kawiri. Bambowo, a Jailosi, anabwera kuno ku Mchinji kuchokera ku Phalombe akadali mnyamata, kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya. Akalambira pomwepo, m'kanyumba ka eni ake, kodontha mvula ikangochita mdima.

Chimene ankafuna alamu angawo n'chakuti mwana wawo adzakhale namwino. Koma Esitele ali Folomu 3 pasekondale yoyendera, amisiri anabwera kudzamanga kalasi yatsopano, ndiye mtsikana uja maso onse pazenera. Pa buleki anzake akuthamangira zitumbuwa, iye ali kwa amisiri, kufunsa za levulo ndi chingwe. Atalemba Folomu 4 anapita kusukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira zomangamanga, kenako n'kukhala pansi pa mmisiri wina, a Wilson, ku Boma. Tsiku limene anabwera atavala ovololo ndi magambuti, ine ndinalulutira. A Jailosi anangotembenuza mpando n'kuyang'ana kumunda.

Chaka chatha miyendo ya alamu inayamba kukana, ndipo pa esiteti anawauza kuti mvula isanagwe apereke malo kwa ena. Kupita kuti? Ku Phalombe abale anatha kalekale. Ifeyo tinawapatsa malo kwathu ku Chiosya, Esitele n'kuumba njerwa, kuwotcha, kukumba maziko. Koma a Jailosi analumbira pamaso pa tonse kuti nyumba yomanga mkazi sagonamo, ingawagwere. Bola pansi pa mtengo, amvekere. Ndinawalalatira ndithu, poti mlamu ndi wako, koma zinangolowa uku n'kutulukira uku. Esitele zinamupweteka kwambiri. A Jailosi anafika nawo kwathuko, koma ankagona m'chigafa chakale cha achimwene athu.

Tsono khoma likapakidwa simenti limafuna kuthiriridwa madzi kuti lisang'ambike. Esitele ankagwira ntchito ku Boma pakati pa sabata, ndiye anandipempha ine kuti ndizithirira. Ndikafika mmawa ndi ndowa yanga, ndinkapeza makoma ali kale chinyontho, othiriridwa bwinobwino, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osasiya pouma. Kathiriridwe kotero ndi ka munthu amene wakulira pa nazale ya fodya. Ndinangoseka chamumtima n'kutseka pakamwa panga.

Loweruka lina madzulo Esitele anasalaza simenti ya pakhonde, yosalala ngati mbale, koma sanauze munthu. Kutacha tikupita kukaona tisanapite ku Misa, ha, pakati penipeni pa khonde pali phazi! Phazi lalikulu, chala chachikulu chokhotera kunja. Mudzi wonse umachidziwa chala chimenecho, chinapindika ndi khasu kale. Pambali pake kheni yothirira ili gada, mwini wake atathawa.

A Jailosi tinawapeza kuseri kwa chigafa akupala simenti kuphazi ndi kamtengo, manyazi ali tho. Anayamba kunena kuti iwo amangodutsa, kenako akuti khoma linkawamvetsa chisoni ndi dzuwa, kenako anangoti mwanayo atenge chipande chake chosalazira simenti akafafanize msanga anthu asanaone.

Esitele anagwada pafupi nawo. Ndinaona misozi ikulengeza m'maso mwa mtsikanayo, ndipo nanenso inandigwira.

"Sindifafaniza, ababa," anatero. "Zaka zonsezi mwaponda pakhomo pa eni ake. Apa mwaponda panu."

A Jailosi anayang'ana chala chawo chija. Kenako anafunsa, mawu ali pansipansi, ngati denga analimanga molimba, poti mphepo ya kuno si yamasewera.

Analowamo mvula yoyamba isanagwe. Masiku ano mlendo akafika, asanamupatse n'komwe mpando, amayamba amuonetsa phazi lija, n'kumenya khoma ndi chikhatho.

"Anamanga mwana wanga iyi," amatero. "Ine ndinangothirira."