Onga wa Ankhoswe

Mpaka lero ndikakumbukira nkhaniyi mtima umandiwira. Anthu akwathu a ku Toronto, kuno ku Canada, amaidziwa mwachidule: mkamwini uja wa ku Hamilton anagwetsera nkhoswe yake m'matope azungu akuona. N'zoona, ndinawagwetsa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo kuti zinayamba bwanji.

Ndimagwira ntchito pafakitale ina ya zitsulo. Mnzanga wa pashifiti ndiye anandikokera kukalabu ya anthu okonda mfuti zamakedzana. Loweruka amakumana pamunda wina kunja kwa tauni, aliyense ndi laisensi yake, n'kumaomba timizinga ting'onoting'ono. Nane ndinagula kanga, kakafupi, kotakata kukamwa, kooneka ngati kamtondo kosinjira tsabola. Umathiramo onga, n'kuikamo mpira wa gofu, n'kuyatsa chingwe. Kakati phu! mpira uja umakwera m'mwamba n'kukagwera pafupi ndi mbendera imene wazika patali. Masewera basi. Mkazi wanga ankati ndi chibwana cha munthu wamkulu, koma ankandisiya.

Ndisanaloledwe kuyatsa ngakhale kamodzi, anandiphunzitsa kusankha onga. Woyang'anira kalabuyo, mayi wina wachikulire wosaseka wamba, anandandalika zitini patebulo. Onga wakuda wakale uja ulipo wamitundu. Wina ndi wosalala ngati shuga, wa timfuti ta m'manja. Wina ndi wamibulu ngati mchere wamiyala, ndiwo woyenera kamzinga ngati kanga. Kenaka anatulutsa chitini china, cha onga wamakono wopanda utsi umene alenje amaika m'zipolopolo. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Uwu usadzayerekeze. Ukadzauthira m'kamzingako chitsulo chidzang'ambika, ndipo woyatsayo sadzatsala wathunthu." Anandionetsa chithunzi cha dzanja la munthu wina amene anayerekeza.

Amalume a mkazi wanga amakhala ku Scarborough ndi akazi awo, amene timawatchula kuti azakhali. Anabwera kuno kalekale, ndipo ndiwo anaima ngati nkhoswe pa ukwati wathu. Tikayambana m'nyumba, foni imapita kwa iwo. Ndi mlenje, nyengo ya agwape amapita kumpoto ndi anzawo, ndipo zipolopolo amadzaza okha. Atamva za kamzinga kanga anasangalala zedi. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinadzera kwawo, pabalaza podzaza alendo. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini.

"Akamwini, tengani uwu," anatero. "Musamavutike ndi onga wautsi wa makolo athu uja. Uwu ndiye onga."

Ndinachizindikira chisanandifike m'manja. Chinali chitini cha onga womwe uja umene anandiletsa kukalabu. Ndiye mukudziwa chimene ndinachita, chitsiru ine? Ndinanyonyomala, n'kulandira ndi manja awiri. Ndinayesako kung'ung'udza kuti, "Koma amalume, kukalabu amati umenewu…"

"Aaa, onga ndi onga!" anandidula. "Bambo anga anali ndi mfuti ya gogodela. Ine ndinayamba kununkhiza onga inu musanabadwe."

Pabalaza ponse panali phwete. Nane ndinaseka nawo, n'kunena kuti zikomo kwambiri.

Tili m'galimoto pobwerera ndinamuuza mkazi wanga kuti chitinicho chikhoza kupha munthu, ndipo mawa ndiwaimbira amalume ndiwauze mosabisa. Iye anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Inu, mwapenga? Kunyoza mphatso ya ankhoswe pafoni? Zisiyeni. Ndiuza azakhali, iwo awauza bwinobwino amuna awo." Ndi mmene timachitira kwathu, mkamwini sawongola nkhoswe yake pamaso, mawu amadzera kwa anthu. Ndinavomera. Chitinicho ndinachikhomera m'bokosi. Patatha mlungu ndinafunsa ngati uthenga unafika. Mkazi wanga anati anawauza azakhali, ndipo azakhaliwo ati akonza.

Anakonzadi. Ndinadzamva zonse zitachitika kale kuti azakhali aja anaona kuti mawuwo awachititsa manyazi amuna awo. Choncho anakawauza kuti mkamwini akuthokoza, ongawo ukugwira ntchito bwino kwambiri. Taganizani! Chenjezo la imfa linanyamuka ku Hamilton, n'kukafika ku Scarborough litasanduka zikomo.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitangosungunuka, kalabu inakonza tsiku loti tibwere ndi abale. Ndinawaitana amalume ndi azakhali, mtima uli m'malo poti ndinkati nkhani ija inatha. Pamundapo panali matope okhaokha. Ndinaomba kawiri ndi onga wanga wamibulu, utsi uli tolo, amalume akuwomba m'manja ngati mwana. Kenaka azakhali anadandaula kuti makutu akuwawa. Ndinatsuka kamzingako, n'kuikamo chingwe chatsopano, n'kuthamangira kugalimoto kukawatengera zotseka m'makutu. Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kumeneko. Woyang'anira uja anali kumapeto kwa mzere, akuthandiza munthu wina.

Nditatseka buti n'kucheuka, ndinaona amalume atagwada pa kamzinga kanga. Pambali pawo panali chitini chotsegula. Anali atabwera ndi china m'thumba la jekete, poganiza kuti choyamba chija ndinamaliza, poti paja chinkagwira ntchito bwino kwambiri. Onga anali atathira kale, mpira ataika kale, ndipo kudzanja lamanja anali ndi kamtengo koyatsira. Mkazi wanga ndi azakhali anaima mapazi awiri kumbuyo kwawo, foni ili m'mwamba, akujambula.

"Amalume, dikirani!" ndinakuwa ndikuthamanga.

Anangokweza dzanja lina osacheuka. "Taonani mmene timaombera eni ake!"

Za ulemu zinathera pomwepo. Ndinawamenya pamkono, kamtengo kaja kanaulukira uko, phewa langa linawagunda pachifuwa, iwo n'kugwa chagada m'matope, chipewa chikugubuduka. Akuti ndinakuwanso kuti, "Siya, iwe!" Ine sindikumbukira, koma foni inajambula, ndiye sindingakane.

Woyang'anira anafika akuthamanga, anangoona chitinicho nkhope n'kusintha. Anaimitsa aliyense, anachotsa anthu onse pafupi, n'kuthira madzi m'kamzingamo. Ine anandiimitsa kukalabu chaka chonse chifukwa chosiya mlendo pamfuti, ndipo sindinatsutse, anali ndi chifukwa. Anayesa kuwafotokozera amalume m'Chingerezi chosavuta chimene chikanachitika. Iwo sanamuyang'ane n'komwe. Ankapukuta matope pathalauza, kenaka anatembenukira kwa mkazi wanga n'kunena kuti, "Mwana wanga, munthu ndinakuimirira uja ndi ameneyu?"

Mlungu usanathe, abale onse anali atagamula kuti ndikapepese. Ndikapepese! Kanema uja anazungulira m'mafoni, koma kongoyambira pamene ndikuwagunda. Ena ankati Canada wandilowa m'mutu. Ena ankati n'zimene zimachitika munthu akamacheza ndi azungu okhaokha. Mkazi wanga analira, akuti ndichite chifukwa cha iye, poti tikadzayambana mawa tidzathawira kwa yani. Ndinapita. Ndinanyamula nkhuku ya m'firiji, poti yamoyo kuno ungaipeze kuti, n'kukakhala pansi pakapeti, mpando ulipo.

Amalume analankhula nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Ngati ongawo unali ndi vuto, mukanandiuza mwaulemu. Ine si mwana."

Ndinayang'ana azakhali. Anali kuthira tiyi m'makapu, maso ali pa tiyipoti, ngati nkhaniyi akuimva koyamba. Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana pansi. Ndinafuna kukuwa kuti ulemu womwewo ndi umene unakugwaditsani pa kamzinga kaja, kuti ndinakuuzani mwaulemu mpaka mawu anasochera panjira. Koma kunena zimenezo kukanakhala kuwavula azakhali pamaso pa amuna awo. Ndinameza mawuwo. Ndinati, "Pepani, amalume, ndinalakwa."

Azakhali ndinawakwiyira, sindibisa, ndipo mpaka pano tiyi wawo ndimangomuyang'ana. Mkazi wanga ndinakhala naye masiku osayankhulana bwino. Koma amene ndimamukwiyira kwambiri ndi bambo uja ananyonyomala pabalaza n'kutambasula manja awiri, akudziwa bwinobwino chimene akulandira. Ndikanangonena pomwepo kuti ayi amalume, uwu umapha, akanakhumudwa Lamlungu limodzi lokha. Ndinaopa kuseka kwa alendo. Chifukwa cha mantha amenewo ndinatsala pang'ono kuika maliro a anthu atatu, mmodzi mwa iwo mayi wa ana anga.

Nkhuku amalume analandira, koma nkhani sinathe. Tikakumana kumaliro kapena kuukwati, amalume amazungulira kupereka moni wa padzanja kwa aliyense, ngakhale kwa ana obadwira kuno amene amayankha m'Chingerezi. Akafika pa ine amangogwedeza mutu, dzanja n'kulowetsa m'thumba. Anthu amaona, ena amatsinana. Zimandipweteka, ndisaname, ndipo ndimabwerera kunyumba nditatupa ndi mkwiyo.

Koma nthawi zonse ndimaliyang'anitsitsa dzanjalo likamalowa m'thumba. Zala zonse zisanu zilipo. Andimane mpaka kalekale ngati akufuna. Dzanja loti andimane ali nalo chifukwa cha ine.