A Mwadya, Mkulu wa Wodi ya Amayi

Dzina lawo la ubatizo ambiri analiiwala. Kuchipatala ankangoti a Mwadya, chifukwa namwino akangolowa m'wodi, funso lawo loyamba linali lakuti, "Mwadya, mwanangu?"

Anabadwira m'banja la mmisiri wa matabwa. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anadwazika mayi awo kuchipatala, ndipo kumeneko anaona namwino akukalipiridwa ndi mkulu wake odwala akuonerera. Tsiku lomwelo namwinoyo anabaya mayi awo katatu asanapeze mtsempha. Zimenezi zinawakhala mumtima.

Atakula anaphunzira unamwino, mpaka anakhala mkulu wa wodi ya amayi. Ankafika atadzera kale kutchalitchi, n'kuyamba kuyang'ana mapazi a anamwino awo. Wotupa miyendo ankamukhazika pansi, beseni n'kunyamula okha. Wolakwitsa ankamudzudzulira m'kachipinda ka mankhwala, chitseko chili chotseka. Anamwino ankagwira ntchito akung'ung'udza nyimbo.

Kenaka kunabwera bwana watsopano wokonda kukalipa. Analamula kuti maina a ochedwa azimatidwa pakhomo. A Mwadya anapita kuofesi kwake.

"Bwana, wachedwa leroyu mwana wake amagwa khunyu. Ndimulembe ndithu?"

"Mayi, kuno si kutchalitchi," anayankha bwanayo.

Sabata yomweyo anawasamutsira kuchipinda chosungira zofunda. Zaka zisanu ndi chimodzi anapinda nsalu osadandaula, koma akamva kulira kwa khanda lobadwa kumene, manja ankaima okha, mtima uli kuwodi. Kumeneko nyimbo zinatha. Anamwino ankadwaladwala, ena anasiya ntchito. Otsalawo ankabwera ati kudzatenga zofunda, n'kukhala pamulu wa mabulangete, misozi chuchuchu. A Mwadya ankapemphera nawo, osaiwala kumupemphereranso bwana uja. "Nayenso ndi mwana wa munthu," ankatero. "Kaya anamukalipira ndani."

Anapuma pantchito asanabwezeredwe kuwodi kwawo. Anakalowakonso atakalamba, mtima ukuvuta, ndipo anamwino ankalimbirana kuwasambitsa. Masana ena abusa atawapempherera, a Mwadya anagwira dzanja la mkulu wa wodiyo, amene kale ankalirira pamabulangete paja.

"Mawa ndi tsiku lako lopuma. Usabwere chifukwa cha ine."

"Amayi, ndingakhale bwanji kunyumba?"

"Ukachape, ukacheze ndi ana ako. Wandimva?"

Anamvera. M'mawa mwake, iye akuyanika zovala kwawo, a Mwadya anatsinzina mwamtendere. Mpaka lero mkulu wa wodiyo amadandaula akakumbukira tsikulo, koma palibe namwino wake amene anamanidwapo tsiku lopuma.