Matayala a ku Joni

Galimoto ya bambo anga inali ya zija zakale, zazitali mphuno, zokankha ndi matayala akumbuyo. Anaigula kwa mwini esiteti wina wa fodya atangopuma pa ntchito yaulangizi wa zaulimi, ndipo kwathu cha ku Chisemphere panalibe wosaidziwa. Mwana wa tenanti akatentha thupi, kapena mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu ankabwera kudzaodira pakhomo pathu. Bambo ankavala jekete, n'kutenga kiyi, ulendo wa kuchipatala ku Nkhamenya. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka kukayendera alimi, galimotoyi ndiyo inatsala yomudzutsa m'mawa.

Matayala ake anali oonda ndi aatali m'mbali, pa malimu achitsulo opentedwa ndi bulashi. Kukongola ayi ndithu. Koma bambo anali ndi malamulo awo osasintha. Tayala la mano abwino linkapita kumbuyo, poti mphamvu ya galimotoyo inali kumeneko. Mvula ikayamba ankaika matumba a mchenga m'buti kuti kumbuyo kulemere, matayala alume pansi. Limu likapindika m'dzenje ankaliwongola ndi hamala pansi pa mtengo wa mango, akuimba nyimbo za kutchalitchi mosemphanitsa mawu.

Vuto linali diso. Lakumanzere linali litayamba ng'ala. Adokotala anati lakumanja lili bwino, aziyendetsa masana okha, ndipo bambo ankamvera. Amayi sanakhutire. Bambo akangoliza injini, iwo ankaima pakhonde manja ali m'chiuno, ndipo kangapo konse anandinong'oneza kuti ndiwalande kiyi. Ine ndinkakana. Ndine mphunzitsi, tchuthi chilichonse ndimakhala kwathu, ndipo ndinkakwera nawo galimotoyo. Ndinkaona ndekha kuti dzenje amaliona ine ndisanalione.

Chaka chimenecho, Khrisimasi itayandikira, kunatulukira mchimwene wanga wamng'ono kuchokera ku Joni. Anali atachoka kalekale, atayambana ndi bambo pa nkhani ya sukulu. Bambo anamulankhula mawu olasa, mnyamatayo n'kunyamuka osatsanzika, zaka n'kumapita foni osaimba. Tsiku limene anatsika pamsewu amayi analira ngati pamaliro. Bambo anamugwira dzanja nthawi yaitali, kenaka anangomufunsa ngati mvula yayamba kumene wachokako.

Katundu wake wamkulu anabwera pambuyo, pa ngolo. Anali malimu anayi onyezimira ngati mbale zatsopano, aakulu, otambalala, atavala matayala opyapyala ngati lamba. Anawasanja pabwalo n'kuwapukuta ndi malaya ake.

"Adada, izi ndi zanu," anatero. "Galimoto ija ndinaijambula m'mutu. Mabowo a mabawuti ndinafunsa bwinobwino, akugwirizana. Musamayende ngati osauka ana muli nawo."

Ndinayang'ana nkhope ya bambo. Anagwada, n'kuyeza kutalika kwa tayala ndi zala zawo, ndipo zala zitatu zokha zinakwanira. Ndinaona kuti adziwa pomwepo. Koma kwathu mphatso ya mwana sakana, makamaka mwana amene wabwera nayo m'malo mwa kupepesa. Anaimirira, n'kuwomba m'manja monga amachitira munthu wolandira chinthu kwa mkulu mnzake.

"Wachita bwino, mwana wanga. Tiyeni tiike."

Anaika tsiku lomwelo, mchimwene wanga pa jeke, bambo pa sipanala, ndipo sindinawaonepo akuseka limodzi chotero chiyambire. Galimoto inasanduka mkwati. Achinyamata a pamsika ankaijambula ndi mafoni. Koma ulendo woyamba womwe tinamva phokoso kumbuyo, khwee, khwee, pa bampu iliyonse. Malimuwo anali otuluka kunja, ndiye galimoto ikalemera, tayala linkakhula chitsulo cha pamwamba pake. Mchimwene wanga anatsegula buti n'kupeza matumba a mchenga.

"Aaa, adada, mukunyamuliranji dothi? Ndi limeneli likukhulitsa."

Anawatsitsa n'kukawakhuthulira kuseri kwa khola. Phokoso linatha. Bambo anangoyang'ana mchengawo, osatsutsa.

Madzulo ake ndinawapeza m'chigafa momwe anasunga matayala akale, atawafunditsa ziguduli ngati odwala. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

"Adada, chikomekome cha mkuyu ichi. Matayala awa ndi a pa tala. Matope athu ano akuponyani m'ngalande."

"Ndikudziwa."

"Nanga osamuuza bwanji?"

"Akapita tibwezera akalewa. Masabata ochepa okha. Usamugwetse mphwayi."

Ndinawamvera, ngakhale ndinkadzuka ndi nkhawa tsiku lililonse mitambo ikamachita bii cha ku mapiri. Mchimwene wanga sanafulumire kubwerera. Chaka chatsopano chinadutsa, fodya m'minda anafika m'chiuno, iye akadali pakhomo.

Linali Lamlungu m'mawa, mvula itagwa usiku wonse. Tinkapita ku tchalitchi, ine kutsogolo, amayi kumbuyo. Mchimwene wanga anatsala akugona. Msewu wa pakati pa minda ya fodya unali katondo wotereratu, wonyezimira. Pa kamtsetse kolowera kudambo bambo anati, "Kukubwera ngolo uko, ng'ombe imodzi ndi yoyera." Ine ndinachita kutong'ola maso kuti ndiione, inali kutali. Anachepetsa liwiro nthawi ikadalipo, n'kupatukira kumbali pang'onopang'ono. Atangoponda mafuta kuti akwere kamtunda, kumbuyo kwa galimoto kunanyamuka kokha. Kunayenda cham'mbali mwaulemu, mosafulumira, bambo akupotoza chiwongolero uku ndi uku, mpaka tinakagwera m'ngalande cham'mbali. Ngolo ija inadutsa bwinobwino osakhudzidwa. Amayi anagwera pa chitseko ndipo dzanja linathyoka pamkono.

Matenanti a pa esiteti yapafupi anathamanga ndi makasu ndi zingwe, atavala za kutchalitchi. Anaitulutsa galimotoyo ndi ng'ombe zomwe zija. Mmodzi wa iwo, bambo amene mwana wake anabadwira pampando wakumbuyo wa galimoto yomweyo, ankangoti, "Pepani adada, pepani adada," matope ali thupi lonse. Limu limodzi linali litang'aluka. Zonyezimirazi siziwongoleka ndi hamala, zimangosweka.

Amayi atabwera kuchipatala ndi pulasitala, tinakhala pansi pabalaza. Mchimwene wanga ndiye anayamba, ndipo analankhula mwaulemu, misozi ili m'maso. Anati wakhala kutali nthawi yaitali, wabwera wapeza makolo ake ali moyo, sakufuna kudzawaika m'manda chifukwa cha galimoto. Anati maso a adada atha, tonse tikudziwa, kiyi aperekedwe. Amayi anavomereza ndi mutu. Sindiwada amayi, dzanja linkawapweteka ndipo mantha awo anali akale.

Ine ndinapsa mtima.

"Si maso! Ine ndinali pompo. Ngolo anaiona ine ndisanaione. Ndi matayala akowa, mchimwene. Ndi otambalala, amayandama pamatope, ndiye unachotsanso mchenga. Galimoto iyi imakankha ndi kumbuyo, kumbuyoko kunalibe chogwira. Adada, auzeni!"

Mchimwene wanga anatembenukira kwa bambo. Nkhope yake inasintha, inabwerera kukhala ya kamnyamata kaja kanachoka osatsanzika. Anafunsa motsitsa mawu.

"Adada, n'zoona? Ndi matayala anga athyola amama?"

 Bambo analowetsa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kiyi, n'kuika patebulo.

"Mlongo wakoyu amandikonda, n'chifukwa akunena zimenezi. Matayala alibe mlandu. Ngoloyo ndinaiona mochedwa. Ndi maso angawa."

Anandisandutsa wabodza pamaso pa amayi ndi mchimwene wanga. Ndinatuluka osapempha, ndinakaima kuseri kwa nyumba n'kulira ndi ukali, osati ndi chisoni. Patapita nthawi bambo anandipeza komweko. Ndinawafunsa kuti nanga matenanti aja adzagogoda kwa yani, nanga iwowo adzadzukira chiyani m'mawa. Ndinawauza kuti anama, ndipo anama pa Sabata.

"Ndanama, inde," anatero. "Uja ndinamuthamangitsapo kale ndi pakamwa pangapa. Akadziwa kuti mphatso yake yathyola mayi ake, manyazi amunyamula, ndipo ulendo uno sadzabweranso. Iwe sunamuone nkhope?"

"Ndiye mukhale wakhungu chifukwa cha iyeyo?"

"Ndikhala."

Sindinagwirizane nawo tsiku limenelo ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike. Mwamuna wamkulu ndevu pepeya ngati mchimwene wanga akanatha kusenza choonadi, ndimatero ine. Mwina akanasenza, mwina ayi. Bambo ankamudziwa mwana wawo mwa njira ina, ndipo sanafune kuyesa. Chimene chimandiwawa n'chakuti bodzalo linakula msanga. Sabata isanathe mudzi wonse unali utamva kuti adada saonanso. Anthu anayamba kuwapatsa moni mokuwa, akudzitchula okha kuti ndi ndani. Wina anabwera ndi mwana wodwala, atafika pachipata anakumbuka, n'kubwerera kukafuna njinga yamoto. Bambo anamuona kudzera pawindo, osamuitana.

Galimoto inakankhidwira m'chigafa, ndipo mchimwene wanga anati adzaigulitsa akapeza limu lina. Iye anasintha ndithu. Anayamba kudzuka m'mawa, kuwatengera bambo madzi osamba, kuwawerengera mauthenga a pafoni. Analankhulanso zofuna malo oti alimepo soya, osabwereranso ku Joni. Amayi ankayamika Mulungu.

Lamlungu lomaliza tchuthi changa chisanathe, tinaima pamsewu ine ndi bambo kudikira kabaza wotitengera ku tchalitchi. Anali atavala jekete lawo lija. Kutali, kumapeto kwa munda wa fodya, kunaoneka kadontho kakuyenda.

"Uyo akubwera ndi mwana wa akalipentala," bambo anatero osaganiza. "Tayala lake lakutsogolo ndi lophwa, sitikwera imeneyo."

Atangomaliza anadzidzimuka, n'kucheuka msanga kuona ngati wina wamva. Mchimwene wanga ankatuluka pachipata akumanga mabatani a malaya, ndipo sanamve. Anafika n'kuwagwira pamkono.

"Adada, samalani, apa pali mwala."

Bambo anatambasula phazi n'kuufufuza mwalawo ngati sakuuona, n'kumulola mwana wawo awadutsitse.