Che Bahati ndi Mbaula za Azungu

Che Bahati a ku Mgona akalambira pa ntchito yokhoma mbaula, ndipo ana awo onse anaphunzira sukulu ndi nyundo imeneyo. Ndiye kunabwera bungwe lina lakunja n'kugawa mbaula zaulere, ati tipulumutse mitengo. Msika wa Che Bahati unaferatu.

A Mcdonald, tcheyamani wa komiti yogawa, ankadutsa akuseka: "Che Bahati, nyundoyo muziswera mtedza tsopano!"

Komatu mbaula za azunguzo zinkafuna timakala taketake, tosapezeka ngakhale ku Chilinde. Anthu, kuyambira tcheyamani yemweyo, anakazigulitsa kwa Che Bahati ngati zitsulo zotha ntchito. Mkuluyo ankangolandira.

Tsiku lina kunamveka kuti azungu akubwera kudzaona mbaula zawo zikuphika. A Mcdonald anathamangira kwa Che Bahati, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, ndibwerekeniko mbaula zija zochepa chabe, angandichotse pampando."

"Musavutike, ndibweretsa ndekha."

Alendo atakhala pansi, Che Bahati anatulukira atasenza thumba. Anakhuthula pamapazi pa a Mcdonald timafosholo towolera zinyalala tokhomedwa kuchokera ku mbaula zija, kalikonse kali ndi chizindikiro cha bungwe lija.

"Atcheya, auzenitu m'Chizungu chanucho kuti mbaula zawo zikugwira ntchito."