Matemba Oyandama

Dzulo ndinadutsa pamene amakonzera mabatire a galimoto ku Matawale, ndipo fungo lake loswa mphuno lija linandibwezera kwathu, kumtsinje wa Likangala.

Tili ana, kumtunda kwa dooko lathu kunali bambo wina amene ankaswa mabatire akale kuti achotsemo mtovu, zotsalazo n'kumatsukira mumtsinje. Tsiku lina m'mawa tinapeza matemba akuyandama chagada, madzi onse ali mbuu! Ine ndinati Mulungu watikumbukira. Ndinaolera m'chitenje, ine ndi mng'ono wanga Asiyatu n'kukawotcha kuseri kwa nyumba.

Amayi pochokera kumsika anaima n'kuyang'ana pamoto.

"Mwawagwira bwanji amenewa?"

"Amangoyandama okha, amayi."

Dengu limene anasenza pamutu linagwa pansi.

"Asiyatu wadya? Iwe, ndikufunsatu!"

Milomo ya mwanayo inali noninoni. Amayi anamugwira n'kumupisa chala kukhosi mpaka anasanza. Ine ndinkangolirira ndiwo zanga zimene anakataya kuchimbudzi. Kenako anatunga madzi mumtsuko n'kumumwetsa kuti m'mimba muyere.

Asiyatu alipo, ndi agogo tsopano. Koma chimandiopsa mpaka lero n'chakuti madzi a mumtsukowo tinali titatunga padooko lomwelo.