Kadontho Kofiira ka Ntate Pheello

Ntate Pheello sakhulupirira munthu. Ngakhale nkhani inoyi akadzaimva, ndikudziwa kuti adzayamba ndi kundifunsa kuti wandituma ndani.

Amagwira ntchito m'kanyumba kamalata m'munsi mwa phiri lotsetserekapo, kuno kumtunda kwa Butha-Buthe, kumene alendo amabwereka masiki, timatabwa tovala kumapazi totsetserekera pa sinowo, chipale chija chikagwa. Gawo lawo ndi zomangira, tizitsulo tija togwira jombo pa siki, kutsogolo ndi kuchidendene. Chomangira chabwino chimagwira zolimba munthu akamathamanga, koma akagwa moipa chimayenera kulavula jomboyo, apo ayi bondo ndi limene limapotoka. Chili ndi bawuti ndi manambala. Ukamanga bawuti nambala imakwera, chomangira n'kumaumira kusiya mwendo. Nambala ya munthu imatengera kulemera kwake ndi katsetserekedwe kake, ndipo pa ziwiri zonsezi anthu amanama.

Asanabwere kuphiri, Ntate Pheello anakhala zaka khumi ndi zinayi akuyeza ubweya pa shedi yometera nkhosa. Kumeneko ena ankabweretsa ubweya wonyowa, ena atabisa mwala pakati pa thumba. Shedi itagula sikelo yatsopano iwo anapempha yakaleyo, ndipo lero ili pakhomo la kanyumba kawo.

"Makilo angati, 'M'e?" amamufunsa mayi wachilendo.

"Sikisite."

"Kwerani apo." Amayang'ana muvi wa sikelo mosafulumira. "Nanga ena khumi ndi awiriwa ndi a ndani? Mwawanyamulira mnzanu?"

Akamaliza kumanga, amatenga kabotolo ka utoto wa zikhadabo wa akazi awo n'kudontheza kadontho kofiira pamutu pa bawuti. Wina akangoipotoza, kadonthoko kamang'aluka. Anyamata am'mudzi mwathu amadana nako kwabasi, chifukwa tonse tinaphunzirira pa masiki otayidwa ndi alendo, ndipo tinakula tikudziwa kuti chomangira champhamvu ndi chimene sichisiya zivute zitani. Siki kukuvuka pagulu ndi manyazi.

Chaka chino anakangana ndi mchemwali wanga wamkulu, Ausi Puleng.

Kumapeto kwa Julaye kunali mayeso osankha ophunzitsa alendo kutsetsereka. Malo anali awiri, ofuna asanu ndi awiri. Ausi Puleng akanalephera, amayenera kubwerera ku fakitale yosoka zovala ku Maputsoe, kumene anachokako atalumbira kuti sadzapondanso. Amatsetsereka ngati akuthawa moto, ndipo akagwa phiri lonse limamva. Vuto linali lakuti sabata ya mayesoyo siki inawavuka kawiri pokhota, asanagwe n'komwe.

Ndiye anagula zomangira kwa mlendo wina wamkulu thupi wa ku Bloemfontein. Zinali zakuda, zonyezimira, zolemera ngati khasu la pulawo. Ndinawaperekeza kukamangitsa.

Ntate Pheello anazitembenuza, kuzinunkhiza, kuzigogoda ndi chala.

"Mwini wake wagulitsiranji?"

"Wagula zina, Ntate."

"Amatero onse. Kwera apo."

"Mumandidziwa kuyambira ndili wakhanda!"

"Wakhandayo ndinkamudziwa. Kwera."

Sikelo inati makilo fifite-folo. Anatisonyeza manambala a zomangira zija: ankayambira pa eyiti.

"Iwe nambala yako ndi sikisi. Izi anapangira chimunthu chonga ng'ombe yapagoli. N'zolimba, sindikukana, zidzakhalapo iwe utakalamba. Koma ukagwa nazo, siki idzapita uko, bondo uko."

Anatsitsa pashelefu zomangira zina, zotuwa, zokalikakalika, zosasangalatsa m'maso. Anati thupi lake n'lachitsulo, osati pulasitiki yomwe imaphulika kukazizira, ndipo sipuling'i yake anaiyesa okha. Kenako anapempha jombo za Ausi Puleng, n'kuziyang'ana kunsi.

"Umayenda nazo pa msewu?"

"Pang'ono chabe."

"Kuchokera pamene minibasi imakusiya mpaka pano, tsiku ndi tsiku, pa miyala. Ndimakuona. Chidendene chadyeka ngati sopo. Chomangira chigwira pati? Sikuti chimakusiya chifukwa n'chofooka, jombo ndi imene yatha."

Anakhomera zidendene zatsopano, anamanga zomangira zotuwazo pa sikisi, kadontho kofiira pamwamba.

Titatuluka Ausi Puleng anali atafufuma. Mmodzi mwa olimbirana malo aja anali Tumelo, mwana wa mchemwali wa Ntate Pheello.

"Ukuona?" anandiuza. "Ine andipatsa zitsulo za kudzala kuti zindilavule pamaso pa oyesa. Kayang'ane za mphwawo ngati zili pa sikisi."

Ndinakayang'anadi. Za Tumelo zinali pa naini. N'zoona kuti Tumelo ndi wamtali, ndipo amadya papa, nsima yakuno, ya anthu atatu, komabe mtima wanga sunakhazikike. Ndinayamba kukumbukira kuti Ntate Pheello amatsimphina, ndipo palibe akudziwa chifukwa chake. Ena amawauza kuti ndi hatchi, ena kuti ndi mgodi. Munthu wosakhulupirira anzake chonchi, ndinaganiza, mwina ndi chifukwa amadzidziwa yekha.

Tsiku la mayeso kunacha ndi mphepo, sinowo itauma ngati galasi. Ntate Pheello anatuluka atafunda bulangete lawo, n'kuyamba kuyendera masiki a anthu onse asanu ndi awiri amene anayedzamira pa mpanda. Anayambira pa masiki a Tumelo, ndipo anakhalitsapo. Atafika pa a Ausi Puleng anawerama, osadzukanso msanga.

Madontho onse a pa masiki awowo anali atang'aluka. Nambala inali pa teni.

"Ndani?"

"Ine sindikudziwa, Ntate."

Anandiyang'ana ine. Anayang'ana Tumelo, amene anakweza manja m'mwamba. Kenako anapala bawutiyo ndi chikhadabo.

"Uyu sanagwiritse sikuludilaiva. Wakanda mbali zonse. Ndi chogwirira cha supuni ichi. Amayi ako amagwira ntchito kukhitchini ya kulesitilanti kuja, eti Puleng?"

Anyamata anaseka. Ausi Puleng anafuna kulanda masikiwo, koma Ntate Pheello anawagoneka pansi n'kukhalapo, bulangete ndi zonse.

"Mukufuna ndilephere kuti mphwanuyo apeze malo!" anakuwa Ausi Puleng. "Nenani pagulu pano!"

"Uyu?" Analoza Tumelo ndi chibwano. "Uyu ndimamukhulupirira pang'ono kuposa iwe, chifukwa ulesi sumulola kupotoza bawuti. Sankha: sikisi, kapena ndikhala pompano mpaka dzuwa lilowe. Ndadya kale."

Oyesa anali ataitana kale dzina lachiwiri. Ausi Puleng anali wachinayi. Anayang'ana kwa oyesawo, kenako anati, "Mangani." Ntate Pheello anabwezera mabawuti, anadontheza utoto, anauzira kuti uume, ndipo anawalamula kupala sinowo kunsi kwa jombo asanaponde.

Anatsika bwino kwambiri. Pokhota paja pamene siki inkawavuka, sinavuke. Ndinali nditayamba kukuwa pamene, patatsala mbendera ziwiri zoti azizungulire, nsonga ya siki yakumanzere inakola mtengo wa mbendera. Thupi linapita kutsogolo, mwendo unatsalira, ndipo tinamva kuti *thwa*. Anthu anagwira pakamwa. Siki ija inauluka payokha, Ausi Puleng n'kugubuduzika mpaka pa ukonde wotchinga.

Anadzuka. Anaponda mwendo uja, anaupondanso. Anakwera kukatola siki, kupala jombo, kuponda mpaka chomangira chinalira, n'kumaliza mbendera ziwiri zija.

Masana oyesa anawerenga mayina. Woyamba anali mnyamata wa ku Mokhotlong. Wachiwiri Ausi Puleng, ndipo mayi wamkulu wa oyesawo anati mphunzitsi amafunika kudziwa kugwa ndi kudzuka alendo akuona. Tumelo anatsika osagwa, koma pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira.

Tinapita kukanyumba kamalata kuja. Ine ndimayembekeza kuti pakhala kupepesana.

"Zikanakhala pa teni ndikanakhala woyamba," anatero Ausi Puleng ali pakhomo.

"Zikanakhala pa teni bwenzi pano tikukunyamula pa chitseko." Ntate Pheello sanatukule n'komwe mutu. Anali atatenga kale masikiwo n'kupita nawo pawindo, akuyang'ana madontho aja limodzi ndi limodzi. Onse anali athunthu. Anawayang'ananso kachiwiri, ngati kuti zawakhumudwitsa.

Kenako anatambasula dzanja.

"Supuni."

Ausi Puleng anapisa m'thumba la jekete, n'kuiika patebulo. Chogwirira chake chinali chitapindika. Ntate Pheello anaikoloweka pa msomali pamwamba pa sikelo, pamene pali kale mipeni itatu ndi kiyi wa njinga zimene analanda kwa ena opotoza mabawuti.

"Mawa ubwere ndi nsapato wamba, jombo uzinyamule m'manja. Ndipo aphunzitsi amadya kulesitilanti, ndiye Lolemba lililonse uzidzakwera sikelo."

Potuluka ananditchinga ndi mkono, maso ali pa matumba anga.

"Iwe, kunyumba kwanu masupuni alipo angati?"